Ola Limodzi Ndili Bwana Woyendera Sukulu

Nkhani iyi akazi anga amaifotokozera mlendo aliyense wobwera kwathu, ndipo ulendo uliwonse amaonjezera zawo. Bola ndiinene ndekha.

Titasamuka ku Malindi kubwera pa boma, Esinati wathu anali woyenera kuyamba Sitandade wani. Kwathu zosankha sukulu kulibe, sukulu ndi ya mishoni basi. Koma kuno aliyense anali ndi zake. Aneba a kumanja akuti sukulu yapafupiyi ana amaphunzirira pansi pa mtengo, a kumanzere akuti inayo aphunzitsi amaweruka dzuwa lisanafike pamutu. Ine mtima sunakhale m'malo. Ndinkadya chiimire, kuntchito ndinkangofunsa makasitomala komwe ana awo amaphunzira.

"Bambo a Esinati, mwanditopetsa n'kuzungulira m'nyumba muno," anatero akazi anga. "Pitani mukaone nokha."

Anandilembera mafunso m'kope: madzi alipo? Zimbudzi? Ana angati m'kalasi? Phala amapereka?

Ndinavala suti yanga ya ukwati ndi tayi (mu Seputembala, ku Mangochi, musandifunse), kope m'khwapa, n'kukwera kabaza. Pa sukulu ziwiri zoyamba sanandilabadire n'komwe, anangoti ahedi atuluka. Pa yachitatu, nditangotsika njinga, mphunzitsi wina anathamangira mu ofesi. Ahedi anatuluka akumanga batani la jekete, n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Takulandirani, bwana. Ife timayesa mubwera masana."

Ndinaganiza kuti mwina akazi anga aimba foni. Anandikhazika pampando wa khushoni, chakumwa chozizira n'kubwera. Koma atayamba kuunjika mabuku a kalembera patsogolo panga, ndinazindikira kuti akundiyesa mlangizi watsopano wa zamaphunziro amene ankamudikira tsikulo.

Ndikanayankhula pomwepo. Koma botolo ndinali nditamwa kale theka, ndiye munthu ungayambire pati? Ndinadziuza kuti ndione kaye sukuluyo, ndiulula pambuyo pake. Pajatu kholo wamba sangalionetse zonse.

Tinayamba kuzungulira. Kalasi iliyonse ana kuimirira, kundilonjera mokweza, ine kugwedeza mutu n'kumalemba m'kope. Mu Sitandade wani munali mayi wachikulire, choko chili m'manja, ndipo ndinawafunsa kuti ana alimo angati.

Pofika kuzimbudzi ubwana unali utandilowa.

"Ahedi, chitseko cha apa chili kuti?"

"Tikonza sabata ino, bwana."

"Mukonzedi," ndinatero, mawu atanenepa ndithu. (Ine ntchito yanga n'kugulitsa simenti ndi malata m'sitolo ya munthu.)

Ndinkafuna kuti ndikangoona mjigo ndizembere kumsewu, koma ahedi anali atasonkhanitsa kale aphunzitsi onse pamthunzi kuti bwana awalankhule. Ndinaimirira, thukuta likutsika m'kati mwa suti, maso akusakasaka geti.

"Aphunzitsi anzanga," ndinayamba.

Nthawi yomweyo njinga yamoto inalowa n'kuima pafupi nafe. Anatsika mayi wina, kuvula chipewa, kutulutsa faelo m'chikwama.

"Pepani ndafulumira. Ndine mlangizi wanu watsopano."

Ahedi anayang'ana mayiwo, anayang'ana ine, anayang'ananso mayiwo.

"Nanga inu, bambo?"

"Ine... ndimadzafunsa malo a mwana. Sitandade wani."

Woyamba kuseka anali mayi a choko aja. Anaseka mpaka kugwira mtengo, anzawo onse n'kutsatira. Ahedi okha sanaseke. Alangizi enieniwo anapempha kope langa, n'kuwerenga mofatsa.

"Mafunso abwino awa. Mwalemba nokha?"

"Akazi anga."

"Ndimaonanso."

Kabaza sanapezeke, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, tayi m'thumba.

"Ndiye mwasankha iti?" anandifunsa akazi anga ndisanakhale n'komwe.

Apa m'pamene panali povuta. Sukulu yabwino inali yomweyo. Mjigo ukutulutsa madzi, phala likuphikidwa, aphunzitsi onse ali m'makalasi, ndipo ndinali nditaona ndi maso angawa kuposa kholo lina lililonse pa boma pano. Ndinayesa kuyamikira ziwiri zija, koma m'kope munalibe chimene ndinalemba za izo. Ndinaulula zonse. Atatha kupukuta misozi ya phwete, anamutenga Esinati m'mawa mwake kukamulembetsa okha.

Mwanayo akuphunzira bwino, akuwerenga kale zikwangwani za m'misewu. Ine ndinaphunzirapo kuti munthu uzinena dzina lako usanalandire chakumwa.

Dzana Esinati anabwera ndi kalata yoitanira makolo kumsonkhano wa Loweruka. Pansi pake ahedi aonjezera ndi bolopeni: "Bwana asalephere." Ndawauza amayi ake kuti tsiku limenelo ndili ndi ulendo wa ku Malindi. Chokachita kumeneko ndikuganizabe.