A Geresomo ndi Nkhafi Yawo ya Kukhutu

Kwa Tengani, aliyense ankadziwa a Geresomo ngati munthu amene ankaviika nkhafi mu Shire, n'kuika chogwirira chake kukhutu, n'kutilamula tonse kuti tikhale chete.

Adaphika zaka zisanu ndi ziwiri m'sitima ya ofufuza yopita ku nyanja ya madzi oundana, kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi. Adabwerako ndi jekete la ubweya, limene ankavala ngakhale mu Okutobala, ndiponso nkhani imodzi imene ankafunitsitsa kuti wina aikhulupirire asanamwalire.

"Kumeneko madzi ndi osanjikizana," ankatero. "Ozizira, a mchere wochepa, pamwamba; ofundirapo, a mchere wambiri, pansi. Sitima ikatumiza phokoso kuti imve zimene zili pansi, phokosolo limapindikira m'gawo lozizira n'kutsekeredwa momwemo. Amene ali pafupi akhoza kusamva kanthu, koma wakutali n'kumva bwinobwino."

"Phokoso lipindike? Lili ndi msana?" adafunsa msodzi wina, a Limbani.

"Lili ndi nzeru kuposa iwe."

Tsiku lina adatiitanitsa padoko, atanyamula chidebe, mchere ndi madzi oundana a mufiriji ya kugolosale. Asanamalize mawu oyamba, dzuwa lathu lidasungunula umboni wonse, mbuzi n'kumwa wotsalawo.

Sadafooke. Adapangana ndi akazi awo, mayi Estere, kuti akamachokera kokawedza azimenya chitsulo pansi pa madzi, mayiwo azimvera padoko ndi nkhafi. Adamenya mwezi wathunthu. Nsomba zidathawa, mvuu idabwera.

"Wamva?"

"Ndamva achule, abambo a Leah."

"Shire ndi wosalongosoka! Madzi ake onse ndi chipwirikiti!"

Ifenso tidali chipwirikiti. Ena ankati sitimayo inkayankhula ndi mizimu, ena ankati chisanu chidawalowa m'mutu.

Adatisiya chaka chatha, tidakali osamvetsa. Padoko tsopano munthu amalongolola mmene afunira, ndipo sizikoma.

Mwezi wathawu ndidapeza mayi Estere padoko masanasana, atavala jekete lija, nkhafi ili kukhutu. A Limbani adawayandikira mwaulemu.

"Mukumva kanthu, mayi?"

"Palibe."

"Ndiye tiyeni kumthunzi."

Mayiwo sadasunthe. "Ankati phokoso silifa, limangopindika n'kukamveka kutali. Mwina ndaima pafupi kwambiri."

A Limbani adayang'ana madziwo. Kenaka adatembenukira kwa ife n'kutiuza kuti tikhale chete.