Tsiku Limene Madzi a Damu la a Goma Anandidikira

Inu amene mumati madzi alibe makutu, khalani pansi. Ine ndinaphunzitsa sayansi ku Tembwe mpaka kupuma, bodza sindilidziwa, ndipo chitenje chimene ndinavala tsikulo sichinaumebe mpaka manje.

A Goma anali ndi damu lawolawo kumtunda kwa mudzi wathu, lothirira matimati ndi kabichi. Tinene chilungamo, damulo linkatidyetsa, ndiwo sizinkasowa ngakhale m'chilimwe. Koma tinenenso chilungamo china. Pofuna madzi ambiri, a Goma anatseka ndi matumba a mchenga ngalande yotayira madzi osefukira, pomwe kunsi kwa khoma ladothi la damulo kunali nkhokwe zathu, nyumba zathu, ndi mayi anga amene miyendo inawakana kale.

Mvula itakula, tinaitanitsa msonkhano pamwamba pa khomalo. Anthu akuti tsegulani ngalande, a Goma akuti, "Khoma ili ndinalipondetsa njovu, silingagwe." Asanameze malovu, khoma lija ng'aa, mng'alu woti ng'ombe n'kulowa ndi ngolo yake yomwe, madzi n'kudzuka ngati phiri, milamba ili m'kati, mvuu ikuyandama chagada, ng'ona itakwera pamsana pa inzake, zonsezo zitalunjika denga la mayi anga. Mukumva?

Mwamwayi, inali nthawi yanga yolankhula, ndipo kwathu kuno munthu sachoka pamsonkhano wolankhula asanamalize. Ndinakweza dzanja, ndati, "Madzi inu, nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri."

Anaima! Anaima chilili m'malere, atapinda manja, osagwetsa ngakhale dontho. Ndinayamba ndi mbali ya a Goma, za thukuta lawo ndi achinyamata amene anapeza ntchito m'dimba, madzi akugwedeza mutu, kenako ndinatembenukira mbali ya mudzi, kuti damu ndi la munthu mmodzi koma likaphulika limakhala la aliyense, madzi akugwedezanso mutu, ndiye ndinabwerera ku mbali yoyamba chifukwa panali mfundo imene sindinaichitire chilungamo, mpaka milamba inayamba kusinza, mvuu inakweza mwendo kupempha kukadzithandiza koma ndinaikaniza, nkhuku ya mlamu wanga inaikira mazira pamthunzi wa madziwo, n'kufungatira, n'kuswa anapiye, ine ndikadali pa mawu oyamba. Mukumva, inu?

Nthawi yonseyo anthu anali atakweza mayi anga pangolo kupita nawo kumtunda, ndipo a Goma, jekete atataya uko, ankakoka matumba a mchenga pamodzi ndi omwe aja ankakangana nawo. Kenako anandinong'oneza, "Amadamu, chonde malizani, ngalande tatsegula."

Sindinamalize. Madziwo ndiwo anatopa, n'kuyamba kuzemba pang'onopang'ono kudzera m'ngalande muja, monyang'ama, ngati anthu a kumbuyo kwa tchalitchi ulaliki ukatalika. Nyumba ya mayi anga sinanyowe ngakhale khonde. Khoma analikonza, ngalande satsekanso, ndipo mvula isanagwe a Goma amaitana okha odziwa za madamu kudzaliona.

Alipo ena, mlamu wanga mmodzi wa iwo, amene amati mng'aluwo unali wongolowa dzanja, ndipo chinatipulumutsa n'kuchotsa matumba basi. Sindiwatsutsa, ali ndi mfundo yawo, pakuti nkhaniyinso ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi yakuti... Aa, mukunyamuka? Madzi a damu la a Goma anali ndi ulemu kuposa inu.