Zitenje Zofiira za a Pritchard

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo, koma poti Mayi Gondwe aifalitsa kale Middlesbrough yense, bola muimve kwa mwini wake. Mpaka lero ndikaikumbuka magazi amawira, ndipo amene ndimamukwiyira kwambiri ndi ine ndemwe.

Nthawi imeneyo ndinali chair wa fellowship ya Amalawi. Lamulungu lililonse tinkapemphera mu kaholo ka khonsolo kuseri kwa library. Kenako kunamveka mphekesera zoti holoyo aigulitsa. Anthu onse maso kwa ine. "A Chair, wophunzira ndinu, chitanipo kanthu!"

Chisankho cha makhansala chinali pafupi, ndipo Amalawi kuno timaloledwa kuvota. Loweruka lina ndinamva kugogoda. Kutsegula, ndi nkhalamba yachizungu, kaduwa kansalu kofiira pachifuwa, kosonyeza chipani chake. Anati ndi a Pritchard, kwawo ku Wales, akupempha voti. Ndinawalowetsa, tiyi ndi mandasi pomwepo.

"Nanga holo yathu?" ndinafunsa.

"Leave it with me," anayankha, m'kamwa muli mandasi anga.

Atakhuta anayamba kudzitama za malemu bambo awo. Akuti nkhondo yaikulu itatha, bambowo anakhala khansala kwawo ku Wales mpaka ukalamba, zipani anasintha katatu koma mpando sanausiye. Munthu wanzeru akanadzidzimuka pamenepo. Ine wa Masters ndinaseka mpaka kuwomba m'manja!

Atachoka ndinayamba kuwamvera chisoni. Kampeni yanji yoyenda wekha khomo ndi khomo ngati wogulitsa tomato? Popanda nyimbo, popanda amayi ovina? Ndinati azunguwa ndale sazidziwa, ndiwaphunzitsa ine. Tikawavinira, holo ndi yathu.

Ndinatumiza chithunzi chawo kwa mlamu wanga ku Limbe. Patatha mwezi ndi theka zitenje makumi atatu zinafika mu sutikesi ya wina wobwera kusukulu. Zofiira psuu, nkhope ya a Pritchard pakati ikumwetulira.

Mkazi wanga anaziyang'ana n'kupukusa mutu. "Bambo a Chisomo, kuno si ku Ndirande. Eni ake nkhopeyi mwawafunsa?"

"Ndi surprise. Za ndale tisiyireni ife."

Amayi a mu fellowship ambiri ndi manesi, ndipo mtsogoleri wawo ndi Mayi Gondwe, munthu wosatafuna mawu.

"A Chair, ife tikusiya ma shift. Pamapeto pali kenakake?"

"Mayi, wandale ndi wandale, kaya woyera kaya wakuda. Munaonapo amayi atavina n'kubwerera chimanjamanja?"

Ndinalonjeza ndi pakamwa pangapa.

Tsiku la msonkhano wa kampeni wa a Pritchard linafika, Lachitatu masana, m'chipinda cha pamwamba pa library. Ine ndinkayembekezera chinamtindi cha anthu. Tinapeza nkhalamba zisanu ndi ziwiri, galu mmodzi ndi mbale ya mabisiketi. Sindinabwerere m'mbuyo. Ndinapereka chizindikiro, ng'oma inalira, amayi analowa akutyola chiuno, nthungululu mpaka mawindo kunjenjemera.

"A Pritchard omwewo! A Pritchard omwewo!"

Gogo wina anataya tiyi. Galu anabisala pansi pa tebulo. A Pritchard anaimirira, nkhope yafiira kuposa zitenje zathu. Apo ndi pamene ndinaona pachifuwa pawo. Kaduwa kaja kanali kachikasu.

"Oh dear," anatero. "I've left that lot."

Ndinayandikira kuti ndimve bwino. Akuti chipani chofiira chinasankha munthu wina, ndiye iwo analowa chachikasu masabata atatu apitawo. Mwana wa bambo ake ndithu!

Mayi Gondwe anandikoka jekete. "A Chair, ndiye kuti tavala chipani cha adani awo?"

"Vinani basi, Mayi! Nkhope ndi yomweyo!"

Anavina ndithu, koma diso limene ankandiponyera linali la maliro anga.

Msonkhano utatha a Pritchard anandigwira dzanja, maso ali ndi misozi. Anati chibadwire palibe anawavinirapo. Kenako ananena mawu amene ndinkawadikira: "I've got something for your ladies in the car."

Ndinatembenukira kwa amayi, chifuwa patsogolo. "Ndinakuuzani chiyani?"

Mu buti munali makatoni atatu olemera zedi. Wina anati ndi shuga, wina anati ndi sopo, Mayi Gondwe mpaka anayambiranso kumwetulira. Tinawatsitsa, ndipo galimoto yawo itangokhota, tinang'amba katoni yoyamba pompo pa car park.

Mapepala. Yachiwiri, mapepala. Yachitatu, mapepala achikasu okhaokha a kampeni, pamwamba pali mapu a misewu yoti tikagawe khomo ndi khomo, ndi kakalata kothokoza ma volunteer.



"A Chair," Mayi Gondwe anayamba motsitsa mawu, "ine ndasiya shift kuchipatala, ndatyola msana pamaso pa galu, kuti mundisandutse postman?"

"Mayi, mwina kenakake kabwera akapambana..."

"Kabwere kwa inu ndi akazi anu!"

Anavula chitenje n'kundiponyera kumaso. Enawo anatsatira mmodzimmodzi. Ndinakwera basi ndekha ndi makatoni atatu ndi zitenje makumi atatu, dalaivala akundiyang'ana ngati wakuba.

Pamenepo ndikanaleka. Koma ayi, liuma! Ndinati ndipulumutsa holo ndekha kuti amayiwa adzachite manyazi. Masabata awiri ndikaweruka kuntchito ndinkayenda mumvula, kulowetsa mapepala m'timabowo ta makalata tam'zitseko timene timaluma zala ngati nkhanu. Agalu a Middlesbrough anandidziwa onse.

A Pritchard anapambana. Ndinafika kunyumba ndikuimba mluzu. Ndinapeza mkazi wanga wagwira pepala limodzi lotsala, limene ankaikirapo poto wotentha.

"Bambo a Chisomo, mapepala munkagawawa munawerengako kuseri kwake?"

"Ndiwerengenji? Munthu ndikumudziwa."

"Tawerengani."

Kuseriko chipani chachikasu chinkalonjeza kupulumutsa ndalama za khonsolo pogulitsa maholo osagwiritsidwa ntchito mokwanira. Pansi pake panali chithunzi. Holo yathu, ndi chikwangwani cha fellowship chimene ndinakhoma ndekha chikuoneka bwinobwino pakhomo!

Holoyo lero ndi malo ogulitsira makapeti. Fellowship inagamula kuti popeza a Chair ndi amene anagawa mapepala, mapemphero azichitikira pabalaza pa a Chair. Mkazi wanga, amene sataya kanthu, anasoka zitenje zija kukhala makatani. Ndiye Lamulungu lililonse tikangoti ameni n'kutsegula maso, a Pritchard amakhala akundimwetulira pawindo lililonse, ndipo Mayi Gondwe salephera kunong'ona: "Omwewo, a Chair!"

Wandale wa kwathu amakupusitsa atakuveka chitenje, koma wa kuno amakupusitsa chitenje utagula wekha.