Tayala la Kumanzere

Lolemba

Pangano lamangidwa. Atsibweni akufuna kakanema ka ngolo yawo ikuyenda monyadira itasenza mbatata ya kachewere, kuti alimi akakaona pa foni azibwereka yawoyo osati ya a Zakariya, opikisana nawo. Ndikakamaliza pofika Loweruka, chaka chino sindisenza thumba pokolola. Ndikalephera, msana wanga ndi wawo.

Kulephera ine? Ine amene ndinasiya univeresidade chifukwa aphunzitsi ake anali ochedwa kumva?

Ngolo yonse ndaiyeza ndi chingwe: bokosi, goli, mtanda wa matayala wopindika uja, ngakhale msomali wokhota umene umagwira tayala la kumanzere. Zonse ndaziumba mu komputadolo monga zilili. Ine sindinama.

Lachiwiri

Pulogalamuyi ndi mbuli. Chinthu chilichonse imachiona ngati mwala wapawokha mpaka uiuze kuti ichi chagwirana ndi ichi. Zomangira zofunika:

chozungulira, ngati cha chitseko: tayala ku mtanda;
chouma gwa: mtanda ku bokosi;
chogwedera pang'ono: goli ku makosi a ng'ombe zathu, Kapitawo ndi Deputado, phungu wokonda tulo uja.

Ndikudina poyambitsa. Phuu! Matabwa m'mwamba, goli lawolokera ku Dedza lopanda chiphaso. Deputado wamira m'nthaka ali chigonere. Apa pokha pulogalamu yamudziwa bwino.

Lachitatu

Vuto ndalipeza. Tayala ndi mtanda zalowana, ndiye zikukankhana ngati akazi a mitala m'khitchini imodzi. Ndazilamula kuti zisamaonane. Bata!

Koma tsopano matayala akuzungulira chogona, ngati lichero. Chomangira ndachilozetsa kumwamba m'malo mwa kumbali.

Amayi asuzumira pakhomo: "Zaka zonse zija ku Beira, kani umaphunzira kuumba ng'ombe zadothi?"

Mneneri salemekezeka kwawo.

Lachinayi

Ikuyenda! Ngolo ikuyenda! Ndavina ndekha mpaka nkhuku zathawa.

Ndikuikamo mbatata. Ndaiwala kuiuza kulemera kwake, ndiye iliyonse ikulemera ngati njerwa. Ngolo yakhala pansi chakumbuyo, ng'ombe zikupalasa m'mwamba. Ndakonza.

Kwatsala kamodzi. Chomangira chilichonse ndachipatsa mphamvu ya chitsulo chake chenicheni, kuti katundu akachipitirira chiduke. Ngolo ikangofika pa kabampu, msomali uja thyoo, tayala la kumanzere ulendo. Ndikubwereza. Ulendo. Ndikubwerezanso. Ulendo.

Atsibweni aona. "A enjenyeiro, chotsanimo zamanyazizo. Msomali umenewo ndi wamkulu kuposa inu."

Pali kabokosi kongodina kamodzi, chomangira n'kukhala chosaduka mpaka Yesu adzabwere. Sindikadina. Sayansi sipembedza atsibweni a munthu.

Lachisanu

Kwathu magetsi kulibe. Ndapita kukatchaja komputadolo ku baraka, kagolosale ka pamsika, ndipo poti anthu akuti ndimangogona m'nyumba, ndawaonetsa kakanema kanga.

Phwando! Tayala likangochoka, onse "Eeee!" Akuti bwereza. Mayi wogulitsa zitumbuwa misozi mbwee ndi kuseka. A Zakariya ajambula pa foni yawo, ati n'zokaonetsa ana.

Aka n'koyamba anthu a ku Lifidzi kuombera m'manja nzeru. Mochedwa, komabe.

Pobwerera ndadutsa pa munda, ndaona milu ya matumba. Ndafika n'kudina kabokosi kaja. Tsopano ngolo ikuuluka pa mabampu ngati ya bishopu. Bodza lokongola. Mawa ndikapereka.

Loweruka

Sindinapereke.

M'mawa atsibweni anyamuka ndi mbatata kupita ku Ulongwe. Pa kabampu ka pamlatho, tayala ulendo. La kumanzere! Lagubuduka mpaka m'dimba la eni. Wovulala palibe. Mbatata mbwee m'ngalande, Deputado wagona pomwepo mosangalala.

Ndathamangirako ndi chimwemwe chosabisika. Ndinanena ine! Ndikudikira wina atchule msomali.

Palibe akutchula msomali, anthu onse akuloza ine.

"Anayamba waigwetsa m'makina mwake dzulo, tonse tinaona."
"Anaiyeza ndi chingwe Lolemba. Munthu wabwino amayeza ngolo ya mnzake?"
Atsibweni, manja kumutu: "Mwana wa mlongo wanga weniweni!"

Ndikufotokoza za kulemera ndi mphamvu ya chitsulo. Akugwedeza mitu. Akuti n'zoona, mankhwala ake ndi amphamvu.

Lamulungu

Ku tchalitchi benchi yonse ndi yanga. Potuluka, anthu akusuntha njinga zawo ndikamadutsa. Ulemu umene dipuloma sikanandipatsa.

Amayi awaza komputadolo madzi odalitsa. Mabatani atatu afa.

Chigamulo cha atsibweni: kanema sakumufunanso, pangano latha, ndipo mpaka tayala likonzedwe, ngolo ndine.

Masana andiitanira kuseri kwa khola. Ayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona: "Iwe, nanga ya a Zakariya ija, sungaiikemo?"

Ndawauza zoona, kuti ya a Zakariya ndi yomanga ndi mabawuti, ngakhale ndiiikemo siigwa.

Ati ndiye mawa ndilawire kukasenza matumba.

Nkhata amayi apota kale. Yokwana bwino, ngati anachita kundiyeza.