Magazi a Sharifa Apempha Malo m'Bokosi la Nsomba

Balaka

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu Woyang'anira Maulendo a Magazi,

Bwana,

Dzulo tinauzidwa kuti magazi a mchemwali wanga Sharifa afikanso ku labu ya mumzinda ataonongeka, ndipo awataya. Aka si koyamba. Ndalemba kuti ndithokoze.

Sharifa ndi wa ku Chikweo, amagulitsa matemba a ku Chiuta, koma pano akukhala kwanga chifukwa miyendo yatupa ndipo mkodzo wake ukuchita thovu. Adokotala a pachipatala chanu, chomwe sinditchula dzina poti n'chamanyazi, anafotokoza momveka. Impso zake zikutaya zofunika m'thupi. Nthawi zina asilikali a m'magazi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi matenda, amasokonezeka n'kuyamba kumenya impso za mwini wake. Asilikali osokonezekawo akapezeka m'magazi ake, Sharifa adzapatsidwa mankhwala amphamvu owafooketsa, ndipo adzayezedwa mobwerezabwereza kuona ngati akuchepa. Akapanda kupezeka, mankhwala omwewo angomufooketsa pachabe. Ndiye adokotala akudikira zotsatira. Impso zokha ndi zomwe sizinauzidwe kuti zidikire.

Mwezi watha ndinachita mwayi wokwera matola pa galimoto yanu yonyamula magazi. Zomwe ndinaona zandipatsa zifukwa izi zoyamikira.

1. Ndithokoze chifukwa cha njira. Pa mapu amene ndimaphunzitsira ana, Ulongwe suli pa msewu wochoka ku Balaka kupita ku Blantyre. Galimoto yanu inandiwongolera. Tinakhota, tinagula chimanga ndi tomato, ndipo adalaivala anatsitsa mtengo mwaluso, mosafulumira. Magazi a anthu akumudzi sayendayenda, Bwana. Kuwaonetsa dziko chonchi ndi chifundo.

2. Ndithokoze chifukwa cha bokosi lozizira lija, lolembedwa bwino kuti ndi la magazi okha. Titafika pa Shire tinapeza chambo chachiwisi. Chambo sichipirira dzuwa, izi aliyense akudziwa. Choncho timabotolo ta magazi tinatulutsidwa mwaulemu, n'kuikidwa kutsogolo pansi pa galasi, pamalo a alendo olemekezeka, pomwe tinaothera dzuwa mpaka mumzinda. Mabuku amati magazi akatenthedwa, maselo ofiira amasweka ndipo a labu amawakana. Koma olemba mabukuwo sanagulepo chambo masana.

3. Ndichitire umboni kuti nsomba zinafika zili bwinobwino, maso ali gwa. Amene amanena kuti ofesi yanu siidziwa kusunga zinthu pozizira ndi abodza. Ikudziwa ndithu. Imangosankha.

4. Pomaliza ndithokoze chifukwa cha masewera olimbitsa thupi. Ulendo uliwonse magazi akatayidwa, Sharifa amakweranso kabaza, miyendo ili lendelende, kukapereka ena. Wakabaza wathu, a Chester, tsopano amafika okha pakhomo osaitanidwa, ndipo anesi anasiya kumufunsa Sharifa dzina. Mayi athu kumudzi akuti timubweze akayese za azitsamba. Ndakhala ndikuwayankha kuti iyayi, sayansi ili ndi yankho. Sindinawauze kuti yankholo limatsitsidwa m'bokosi pa Shire.

Ndinaganiza zogula bokosi lachiwiri n'kupereka ngati mphatso. Nditalingalira bwino ndinaona kuti zotsatira zake n'zodziwikiratu: chambo chidzangochuluka kawiri.

Choncho pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka nditagwada. Sindikupempha kuti nsomba zitsike. Ndikudziwa malire anga. Ndikungopempha kuti kabotolo ka Sharifa kaloledwe kukhala pakona, pakati pa chambo ndi madzi oundana. N'kakang'ono ngati chala, n'kotseka bwino, ndipo sikanunkha. Ngati malamulo salola kuti magazi akwere m'bokosi la magazi, mutha kukalemba kuti ndi usipa. Banja lathu silidzadandaula.

Lachinayi likudzali Sharifa akaperekanso magazi, ku dzanja lamanzere poti lamanja mitsempha yathawa. Galimoto inyamuka Lachisanu. Ndamva kuti chambo chatsika mtengo sabata ino, ndiye bokosi lidzadzaza msanga. Adokotala akuti zotsatira zikalepherekanso, ayamba kukamba za makina otsuka magazi.

Ine wanu wogonjera, wodikira pamodzi ndi impso ziwiri,

Zuberi Chande
Mphunzitsi, Balaka