Ampu ya Achimwene

Lolemba

Loweruka tikuvundukula chiliza cha achimwene anga, a Yosefe. Simenti yauma, dzina alemba molondola, nkhuku zapezeka. Pa msonkhano wa banja dzulo aliyense wapatsidwa ntchito. Ena nkhuni, ena madzi, ena kulandira abusa. Ine andipatsa nyimbo imodzi, kumanda komweko, pemphero likatha. Akuti poti gitala ya malemu ili kwa ine.

Gitala ilipodi. Chomwe palibe ndi mawu ake.

Achimwene akamaimba, gitala inkamveka ngati munthu wachimfine yemwe ali ndi nkhani yoti anene. Yosasa pang'ono, yokanda pakhosi, koma osati yakufa. Akakankha nsambo ndi chala inkadandaula, odutsa pa njinga nkutsika kuti amve. Ine ndikaimba gitala yomweyo pa ampu ya kutchalitchi, imamveka ngati mlembi wa mpingo akuwerenga zolengeza. Chilichonse chomveka, koma palibe chofika pamtima.

Loweruka ndikufuna anthu amvenso mawu a achimwene kamodzi kokha, kenako tizipita kukadya. Sindikufuna china.

Pa foni ndapeza azungu andevu omwe amakamba za mawu amenewa tsiku lonse, ngati alibe minda. Akuti dzina lake ndi blues. Kuti uwapeze pakufunika:

- ampu yaing'ono ya mababu m'kati, yoikweza mpaka iyambe kudandaula
- kabokosi koponda ndi phazi, amati pedulo, kosasitsa mawu
- eko pang'ono
- zala

Zala ndili nazo. Bandulo yathera pomwe wandevu wina amati aulule chinsinsi chenicheni.

Akazi anga, mayi a Tadala, akuti zonsezo nzabwino, bola ndisaiwale kuti kabichi ndi mafuta ophikira zilinso pa dzina langa.

Lachiwiri

Nsaru, pa njinga, gitala kumsana m'thumba la feteleza.

Ampu zomwe ndayesa:

Ya ku vidiyo. Mawu onse amatsikira pansi, du du du. Malata akunjenjemera, mano akunjenjemera, gitala sikumveka.

Ya mlaliki wa pamsika. Imasasa ndithu, koma mokalipa. Achimwene sankakalipa, ngakhale mbuzi zitalowa m'nazale yawo ya fodya. Mlalikiyo wandipempherera ndisanapemphe.

Ya anthu a zaukwati. Ili ndi magetsi ofiira ndi obiriwira othamangitsana, ndipo sazima. Kumanda ayi.

Ya mababu palibe akuidziwa kupatula a Mbewe okonza mawailesi, kuseli kwa chigayo. Akuti anaionapo ali wamng'ono kwa mzungu wa ku esiteti, ndipo inkatentha moti mphaka ankagonapo. A Mbewewa anali mnzawo wa achimwene, bawo ankasewera limodzi.

Ndawafotokozera mawu omwe ndikufuna. Ndachita kuwaimbira ndi pakhosi, pamaso pa makasitomala. Nditamaliza, andifunsa:

"Ndiye kuti mukufuna yowonongeka, eti?"

Ndati yowonongeka pang'ono, mwadala.

"Ine ntchito yanga ndi kuchotsa zimenezo. Kuika sindinaphunzire."

Andipatsa mpando ndi nzimbe, nkundifunsa ngati ndikumagona bwino masiku ano. Ndikuona akuganiza kuti imfa ya achimwene yandisokoneza mutu.

Kabichi ndaiwala.

Lachitatu

Pedulo yapezeka! Ili ku Kasiya kwa a Dikisoni, omwe kale anali ndi bandi yoimba m'maukwati, pano amagula soya. Andibwereka. Akuti ndisaponde ndi nsapato ya kumunda.

Kabokosi kabuluu, kokalika mbali zonse. Kamafuna batire ya makona anayi yomwe palibe golosale ikuidziwa kuyambira Kasiya mpaka kwathu. Wina wafuna kundigulitsa ya wotchi. Mapeto ake ndandandalika mabatire a tochi m'nsungwi nkumanga ndi mphira, monga tinkachitira ndi wailesi kale.

Ndabwereka ampu ya kutchalitchi. Ndalumikiza. Ndavula nsapato. Ndaponda.

Si yosasitsa mawu. Ndi ya eko. Ndipo batani lochepetsera linathyoka kalekale, moti eko imabwera yonse kapena osabwera. Ukakhudza nsambo kamodzi, mawu amapita, nkubwera, nkupitanso, ngati mlendo wotsazika koma osanyamuka. Ukalakwitsa, cholakwacho chimabwerezedwa mpaka mudzi wonse utsimikize kuti walakwitsadi.

Mayi a Tadala, ali kuseli akuswa mtedza: "Kodi muli angati m'nyumbamo?"

Ndaimbira a Dikisoni kufunsa ngati ali ndi ina yosasitsa. Akuti anali nayo, koma anthu m'maukwati ankadandaula kuti bandi yabwera ndi zida zakufa, ndiye anaisinthanitsa ndi sikelo.

Ndachotsa pedulo. Ndakweza ampu ya kutchalitchi mpaka kumapeto, monga amanenera andevu aja, kudikira kuti idandaule. Sikudandaula. Ikungolengeza mokweza. A mkulu wa mpingo atumiza uthenga kuti ibwerere lero lomwe, dzuwa lisanalowe.

Pofika pano ndili ndi gitala, nsungwi, ndi phazi limodzi lafumbi.

Lachinayi

Ndapita kukasiya nkhuni kwa alamu, a Nangondo, mkazi wa malemu. Pabwalo padzaza azimayi ophika thobwa, ndiye andikhazika m'khitchini. Mpando womwe andipatsa ndi bokosi lathabwa lakuda ndi utsi. Ndakhalapo mpaka kumaliza kapu yonse ndisanamve kuti kumbuyo kwa miyendo yanga kuli mabatani.

Ampu ya achimwene. Ine ndinkadziwa kuti inagulitsidwa nthawi ya matenda. Alamu akuti wogulayo anaibweza mawa lake, ati ndi yakufa.

Ilibe mababu. Ilibe dzina. Pepala la sipika linang'ambika mbali imodzi, achimwene nkumata ndi chigamba cha chubu cha njinga. Mbali inayo mphemvu zinadya. M'kati muli nyumba yakale ya mavu. Andevu a pa foni ataiona angakomoke.

Ndailumikiza ku batire ya sola pansi pa mtengo wa mango. Popanda pedulo, popanda nsungwi. Ndakankha nsambo yachitatu ndi chala monga ankachitira eni ake.

Ndi yomweyo.

Sindilemba zambiri. Ndalira, ine bambo wa ana akuluakulu, gitala ili pamwendo. Azimayi a thobwa asiya mithiko. Alamu atuluka m'khitchini, aima pakhomo, agwira pakamwa ndi chitenje. Anena kuti, "Ndi iwowo." Kenako abwerera ku moto.

Bambo wina wa kutsidya kwa dambo wafika wefuwefu, chipewa m'manja, kudzafunsa ngati kwagwanso zovuta. Tamupatsa thobwa.

Vuto ndi limodzi. Polowetsa waya wa gitala pakugwedera. Ukasuntha mwendo mawu amaduka, ukautsamiritsa amabwera. Kumanda ndidzaimba choimirira, ndipo sindikufuna achimwene adukire pakati pa nyimbo. Ndi ntchito yongowotcherera kawaya kamodzi. A Mbewe aimaliza ndisanathe mfundo imodzi ya nzimbe.

Alamu alola kuti ndiitenge. Ndayenda wapansi, kukankha njinga, kuopa mabampu.

Lachisanu

Nsaru m'mamawa, ampu pa kaliyala, yokulungidwa m'bulangete la alendo.

Ndawauza a Mbewe: kawaya aka kokha. Ndawalozera ndi chala. Ndabwereza. Ndawauza kuti ndi ya malemu a Yosefe, ikaimba pa chiliza mawa. Atamva dzinalo avula chipewa, aisisita ampuyo pamwamba, akuti ndipite ndikagule zanga, ndiipeza yatha.

Kabichi, mafuta, mchere, anyezi. Lero sindinaiwale kanthu, ndipo ndinali wonyada.

Pobwera ndapeza a Mbewe atavala jekete, ampu ili pa tebulo, yopukutidwa. Kawaya awotcherera. Nyumba ya mavu achotsa. Ndipo kutsogolo kukunyezimira sipika yatsopano, yomwe akuti anaisunga m'katoni kudikira munthu woyenera.

"Pa maliro a mnzanga ndinali m'chipatala, sindinaponyepo kalikonse. Ili ndiye dzanja langa pa chiliza. Musatulutse chikwama, mungandichimwitse."

Maso awo ali ofiira.

Chomwe munthu wapereka pa chiliza sabweza. Sufunsa kuti bwanji simunandifunse kaye. Umavula chipewa, umawomba m'manja, umanena kuti a banja amva. Ndachita zonsezo, mwa dongosolo lake, ndipo palibe angandinene.

Kenako ndafunsa mwaulemu za sipika yakale, ndati ndikaisunge ngati chikumbutso. Pepala lake akolezera mbaula yotenthetsera chitsulo chowotcherera. Maginito apatsa a chigayo, omwe awaika kale pothirira chimanga kuti azigwira misomali. Ndapita kukawaona. Akugwira bwino ntchito.

Tayesa ampu pomwepo. Mawu oyera ngati madzi a pa mjigo. A Mbewe atseka maso, agwedeza mutu. "Mwamva? Yachira."

Walira mvula walira matope. Ndikanangomanga kawayako ndi mphira.

Kunyumba ndakhala pakhonde ndi singano yosokera masaka m'manja, kuyang'anizana ndi sipika. Kubowola pang'ono, kung'amba mbali imodzi, mwina zingayandikire. Mayi a Tadala andipeza choncho. Akuti a Mbewe abwera mawa, akhala kutsogolo, ndipo dzina lawo lafika kale kwa wolengeza. Akuti kodi ndidzawayang'ana ndi nkhope yanji. Atenga singano, ati akufuna kusoka thumba la ufa. Thumba la ufa ndi losoka kale.

Loweruka

Anthu ambiri. Abale a ku Nambuma afika pa lole, ataimba njira yonse. Abusa alalikira mwachidule, malinga ndi muyezo wawo. Nsalu yachotsedwa, chiliza chaoneka, chili bwino.

Wolengeza watchula onse othandiza. Atafika pa a Mbewe wati ndi omwe aukitsa ampu ya malemu. Anthu avomereza chapansipansi. A Mbewe aimirira, aweramitsa mutu, akhala.

Nyimbo yanga. Ndaimirira, ndasuntha mwendo dala, mawu sakuduka ngakhale pang'ono. Ntchito ya a Mbewe ndi yolimba. Ndakankha nsambo yachitatu. Ndaigwedeza. Ndaikanda ndi chikhadabo. Ndakweza batani mpaka kumapeto. Sipika yalandira zonsezo mwaulemu nkuzitulutsa zochapa ndi kusita.

Sindinalakwitse paliponse. Kwaya yalowa bwino pa kolasi. Anthu alira monga amalirira pa chiliza chilichonse, osapitirira.

Ndayang'ana alamu kamodzi. Ali phee, manja pamiyendo, ngati munthu wodikira minibasi.

Zomwe ndamva pa chakudya:

- "Koma ndiye zimamveka mpaka kumsewu."
- "Malemu akanakhala ndi sipika imeneyi akanapita patali."
- A mkulu wa mpingo akuti ampu imeneyi ikuposa ya kutchalitchi, ndiganizire zobwera nayo Lamulungu lililonse.
- Kabichi wachepa.

A Mbewe adya mbale imodzi ndi ine, akundikankhira nthuli yaikulu. Akuti ampu ikadzangoyamba kukandanso pakhosi, tsiku lililonse, ndingobwera nayo. Ulere, mpaka imfa. Ndathokozanso. Ndi munthu wabwino, ndipo zimenezi ndiye zikundipweteka kwambiri, chifukwa ndilibe womukwiyira.

Lamulungu

Tchalitchi. Ampu ndanyamula, monga anapemphera a mkulu wa mpingo. Mlembi walumikizako maikolofoni yake. Zolengeza sizinamvekepo bwino chonchi.

Chakumadzulo ndaikweza pa njinga kukabweza kwa alamu. Ndawapeza akutsuka miphika ya dzulo ndi mchenga. Ayamba ndi kuthokoza: nkhuni, mafuta, nyimbo, kuyendayenda kwa sabata yonse. Ndamasula mphira kuti nditsitse ampu. Aiyang'ana, apukuta manja ku chitenje.

"Imeneyi ikhale kwanu, alamu. Ya amuna anga inali ina."

Sanakwiye. Bola akanakwiya. Andipatsa thobwa lotsala m'chigubu, andiperekeza mpaka pa mpanda, ndabwerera ndi katundu wanga yense.

Potsetsereka ku dambo ndayesa kuimba ndi pakhosi mawu a Lachinayi aja, kuti ndisawataye. Koyamba abwera. Kachiwiri ndayamba kukayika ngati amakwera kaye kenako nkusasa, kapena amasasa kaye kenako nkukwera. Kofunsa kulibe.

Ampu ili pabalaza. Mayi a Tadala aiyala kansalu koluka, aikapo maluwa a pulasitiki.

Lachinayi foni inali m'thumba, yodzaza moto. Sindinaganize zojambula, poti ndimati Loweruka aliyense adzamva yekha.