Sabata Imene Pikapu ya Mayi a Tadala Inafuna Kuuluka

Lolemba

Mayi a Tadala anyamuka! Apita kwathu ku Ntcheu kukaona mdzukulu wathu woyamba, wabadwa kumene. Abwerako Lamulungu. Ine ndili pa holide. Nyumba yonse yanga, galaja yanga.

Mawu awo omaliza ali pa windo la minibasi: "Pikapu ija mungosintha oyilo basi. Pena paliponse musagwirepo." Ndavomera ndi mutu. Mutu si pakamwa.

Pikapuyo anawasiyira ndi malemu bambo awo. Ndi imene amanyamulira nyemba kupita ku msika wa ku Bolero, ndipo amaipukuta m'mawa uliwonse asanandipatse ine moni. Sindikudandaula, ndikungolemba.

Koma mwezi wonse ndakhala ndikuonera pa foni azungu akuthamangitsa magalimoto aatali, osongoka kutsogolo, pa chigwa cha mchere. Supikisana ndi munthu. Umangothamanga wekha mowongoka, kenako dziko lonse likudziwa. Ine zaka zonsezi mu Rumphi muno ndikudinda makalata mu ofesi ya boma, ngakhale wogulitsa tomato sadziwa dzina langa. Zimandiwawa. Kuno nyumba iliyonse ili ndi dokotala, kapena m'busa, kapena mwana amene ali ku Ulaya. Wothamangitsa galimoto kuposa onse m'boma lino ndiye palibe. Mpando umenewo ulibe mwini.

Dongosolo:
- kuchotsa zolemera zonse
- kuitalikitsa
- kuisongola mphuno
- Loweruka m'mawa kuthamanga pa msewu wa ku Bolero, paja powongoka
- Loweruka madzulo kubwezeretsa chilichonse m'malo mwake, ndi kusintha oyilo

Sadzadziwa kanthu.

Lachiwiri

Zachoka lero: zitseko, bampala, mpando wa wokwera, bodi yonse yakumbuyo, sailensa. Yapepuka bwanji! Mabawuti onse ndaika m'beseni lochapira. Poyamba ndimawaika m'magulu, kenako nkhuku yalowa m'besenimo. Palibe vuto, bawuti ndi bawuti.

Masana amayi ochokera kuchigayo aima pa geti, ufa uli pamutu. Ayang'ana, ayang'ananso. Mmodzi akuti, "Yidukenge iyi!" Onse chikhakhali.

Iduka? Munthu sindinayambe n'komwe, iwo ayamba kale kulodza! Ndaimbira a Msiska, anzanga a ku ofesi, kuwadandaulira za nsanje ya anthu akwawo. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Bwana, mwakhala kuno nthawi yonseyi osadziwa? Kuduka pa Chitumbuka n'kulumpha, n'kuuluka. Akuti galimoto yanuyo iuluka chomene."

Iuluka! Amayi aja ali ndi maso. Ndachita manyazi kuti ndinawaganizira zoipa. Mawa akadutsa ndiwapatsa moni wa Chitumbuka.

Mayi a Tadala aimba. Mwana ali bwino, akuti mphumi ndi yanga. "Oyilo mwasintha?" Ndayankha kuti ndili pa ntchito yomweyo. Si bodza kwenikweni.

Lachitatu

Tsiku lalikulu. Ndadula chasisi pakati.

Sowo italowa theka ndaima kaye. Ndakumbukira apongozi anga akutsika m'pikapu imeneyi tsiku la chinkhoswe chathu, atavala jekete ya bulauni. Ndiye ndakumbukiranso azungu a pa mchere paja. Ndamaliza kudula.

Zotalikitsira:
- zitsulo za bedi la kuchipinda cha alendo (alendo ake ati?)
- paipi ya mjigo wakufa, yolumikizira shafiti yopita ku matayala akumbuyo
- mwendo wa tebulo lositira

Makina owotcherera ndabwereka. Mwini wake amafuna abwere adzawotcherere yekha, ndakana. Ulemerero wogawana sukoma. Ndaonera pa foni mmene amachitira, si zovuta. Vuto ndi magetsi. Ndikangoti ndigwire, azima. Ndikapita kukamwa tiyi, ayaka. Ndikathamangira ku galaja, azima. Moti zitsulozo ndazilumikiza modontheza, apa pang'ono, apo pang'ono, zikuoneka ngati zisa za mavu. Koma ndamenya ndi chibakera, sizinagwedezeke.

Chophimba kumaso ndilibe. Ndavala magalasi a dzuwa awiri, ena pamwamba pa anzake. Nzeru!

Amayi a kuchigayo sanadutse.

Lachinayi

Maso! Ngati wina wathiramo mchenga wa mu mtsinje wa Rukuru. Ndikulemba ndi diso limodzi, linalo likungolira lokha.

Ntchito siyidikira maso. Mphuno ndapanga ndi malata a khola la nkhuku. Nkhukuzo zasamukira mu galaja, ndipo imodzi yaikira dzira pa mpando wa dalaivala. Ena angati malodza, ine ndakazinga.

Vuto latsopano: galimoto yatalika kuposa galaja. Chitseko sichikutsekeka, mphuno ili panja. Aliyense wodutsa akuima. Wa kabaza wina akufunsa ngati ndi bokosi la maliro a munthu wamtali. Wina akufunsa m'Chitumbuka ngati ndikumanga boti: "Mukuzenga boti, adada? Nyanja yili ku Chitimba." Asiyeni aseke. Akadzandiona pa nyuzipepala adzanena kuti tinkacheza.

Ndalemba dzina m'mbali ndi penti yotsala ya mawindo, zilembo zikuluzikulu kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo: MPHENZI.

Chakumadzulo mphepo ija ya ku Rumphi yabwera ndi fumbi lake. Yazula mphuno yonse n'kukaiponya m'dimba la a Gondwe, eni nyumba imene tikuchita lendiyi. A Gondwe ndi mphunzitsi wamkulu wopuma, mkulu wa mpingo, munthu wovala tayi pothirira mpiru. Chibwerere kuno sanandiyankhulepo Chichewa ngakhale liwu limodzi. Amayamba Chitumbuka, akaona kuti ndasochera amalowa Chingerezi cha m'mabuku, ndisocherenso bwino. Lero andibwezera lata langa pamwamba pa mpanda osanena kanthu m'chiyankhulo chilichonse.

Mayi a Tadala aimbanso. Akuti mawu anga akumveka achilendo. Ndati ndi chimfine.

Lachisanu

Yalira! Popanda sailensa ikulira mwakuti agalu a mzere wonse athawira kuphiri. Ndakhala m'menemo ndikuponda mafuta, misozi ikutsika, ina ya chimwemwe, ina ya kuwotcherera kuja.

Zovuta zing'onozing'ono:
- mapaipi a mabuleki akumbuyo sakufikanso, afupika
- giya yobwerera m'mbuyo yasowa, koma ndikukachita nayo chiyani m'mbuyo?
- mabawuti m'beseni akuoneka ochuluka kuposa amene ndinachotsa

Za mabuleki ndathana nazo. Azungu aja amaimitsa ndi chinsalu chimene chimatambasuka kumbuyo. Ine ndamanga lona wa mayi a Tadala wofunditsira nyemba, chingwe chake chili pafupi ndi dzanja langa.

Ndipo chachitika chinthu chachikulu. A Gondwe abwera okha! Alowa pa geti, azungulira galimoto yonse manja ali kumbuyo ngati akuyendera mayeso. Ayala mpango pansi, agwada ndi suti yawo, asuzumira pamene ndinawotcherera. Akhalitsa pamenepo. Podzuka andiyang'ana m'maso, akuyankhula pang'onopang'ono: "Bambo, iduka iyi. Pakati apa. Iduka ndithu."

Munthu wophunzira chotere! Ndawagwira dzanja ndi manja awiri. Ndati, "Yewo chomene, adada!"

Akuti, "Mwandimva kodi?"

Ndati ndamva bwino lomwe, ndipo mawa abwere adzaone ikuduka ndi maso awo. Achoka akupukusa mutu. Kugoma kumeneko.

Lero ndikumva kuti Rumphi wandilandira.

Loweruka

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndilembe mwadongosolo.

M'mawa anthu adzaza kunja ngati kuli ukwati. A kabaza, amayi a kuchigayo aja, a Msiska ndi foni yojambulira, a Gondwe ndi ambulera. Ndavala chipewa cha njinga yamoto chobwereka ndi ovolosi. Kukhota pa geti kwavuta chifukwa cha kutalika, mpaka anthu anyamula kumbuyo n'kuitembenuza ndi manja.

Giya yoyamba. Ikuyenda! Giya yachiwiri. Anthu akuthamanga m'mbali, ena akundipitirira, koma n'chifukwa choti injini sinatenthe. Mayi wina wa nkhuni pa njinga wandidutsa n'kundipatsa moni.

Powongoka paja sindinafikepo. Tisanatuluke n'komwe m'tauni pali hampu. Hampu imeneyi ndimaidutsa tsiku lililonse popita ku ntchito, koma m'dongosolo langa munalibe. Matayala akutsogolo akwera, atsika. Pakati pakhala pa hampu. Ndamva kuti gwa! Kenako thyo!

Ndaponda mafuta. Injini ikulira mokondwa, koma mitengo siyikuyenda. Ndacheuka. Theka la galimoto lili poteropo, laima palokha ndi matayala ake. Kumene ndili ine kwalembedwa MPHE. Uko kwatsala NZI.

Ndi mantha ndakoka chingwe. Lona watambasuka bwinobwino, mphepo yamudzaza, wakokera NZI m'ngalande. Chinthu chokhacho chimene chagwira ntchito sabata yonse.

Kuseka kwake! Anthu akugwirana mapewa, wina wakhala pansi pa msewu. Amayi aja akuimba nthungululu. A Msiska ajambula zonse, akuti pofika masana zikhala zitafika ku Mzuzu.

A Gondwe okha sakuseka. Afika, andifunditsa ambulera, akuti, "Ndinasiya chiyankhulo changa dzulo kuti mumve. Ndinakuuzani m'Chichewa chanu chomwe."

Tsiku limodzi lokha limene mkuluyu wandiyankhula Chichewa, ine ndamumva m'Chitumbuka.

Yabwerera kunyumba pa ngolo ya ng'ombe, MPHE ulendo wake, NZI ulendo wake. Mwini ngolo njira yonse akungouza ng'ombe zake kuti ziyende pang'onopang'ono, "Pachoko pachoko." Ndikudziwa kuti samauza ng'ombe.

Madzulo ndayesa kulumikiza. Magetsi kulibe. Ndayesa kubwezera chitseko chimodzi, mabawuti onse akukana. Ndakhala pansi pakati pa zidutswa ziwirizo, nkhuku zikundiyang'ana. Ndiye ndasintha oyilo.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Nyimbo zikumveka kuchokera kuno, zandikwanira.

Foni chakumasana. Mayi a Tadala: "Minibasi yatifera pa Njakwa. Tabwerani ndi pikapu mudzanditenge, ndili ndi matumba a kachewere."

Pa Njakwa pomwepa. Munthu wofuna kuthamanga kuposa onse m'boma lino ndakwera kabaza, ndagwira m'chiuno mwa mwini njinga. Iyenso waonera kanema wa a Msiska. Wandifotokozera yense, ngati ine kunalibe.

Andiona ndikutsika pa kabaza. Ayang'ana kumbuyo kwanga, msewu uli mbee.

"Pikapu ili kuti?"

"Ili kunyumba."

"Ili bwino?"

"Mbali ina."

Sanafunsenso. Tapeza lole ya fodya yotinyamula ndi matumba athu. Iwo kutsogolo, ine pamwamba pa kachewere.

Kunyumba alowa mu galaja chikwama chili m'manja. Ndimayembekeza mkuntho, ndinakonzeka kale ndi mayankho. Aima pa chidutswa chakutsogolo, aika dzanja pa chiwongolero pamene panaperepeseka ndi manja a bambo awo. Ayenda mpaka pa chidutswa chakumbuyo, achigwiranso. Atola lona m'fumbi, amukung'untha, amupinda bwinobwino. Akuti, "Chinthu cha bambo anga chimene ndinatsala nacho chinali chomwechi." Mawu otsika, osakalipa. Mayankho anga onse athawa. Madzi akatayika sawoleka.

Ndakhala pa khonde. Patapita nthawi atuluka ndi madzi akumwa pa thireyi, m'tambula ya alendo. Agwada. "Madzi, bambo." Chikwatirane sanandigwadirepo, amati mawondo ndi a Mulungu. Ndikanakonda akanandigenda ndi sipanala.

Mawa ndibwerera ku ofesi, kukadinda makalata. Dzina langa tsopano aliyense akulidziwa.

Panopa ali pa mpanda, akuonetsa a Gondwe ndi akazi awo zithunzi za mdzukulu wathu pa foni. Ndikumva akuseka, akuti wanenepa. Ine sindinamuonebe, ndipo sindikupempha.